Chiwindi chikamasandutsa minofu kukhala shuga

Funso: Bambo anga ali ndi zaka 58 ndipo amadwala matenda a shuga. Amadya ndithu koma akuwonda, makamaka m'ntchafu ndi m'mikono. Chinanso chotidabwitsa n'chakuti akagona osadya, m'mawa shuga amapezeka wakwera kuposa mmene analili madzulo. Wina wandiuza kuti chiwindi chawo chikusandutsa mapuloteni kukhala shuga, ndiye asiye nyama, mazira ndi nyemba. Kodi zimenezi n'zoona?

Yankho: Amene anakuuzaniyo wanena zoona mbali imodzi. Chiwindi chimapangadi shuga kuchokera ku mapuloteni, ndipo mwa munthu wodwala shuga chimachita zimenezi mopyola muyeso. Koma zoti bambo asiye mapuloteni musavomere, zingawafooketse kwambiri. Mapuloteni amene chiwindi chikuwononga usiku si a m'mbale ayi, ndi a m'minofu yawo. Akasiya kudya, chiwindi sichisiya ntchitoyo. Chimangopitiriza kutapa m'thupi momwemo popanda chobwezeretsa.

Mapuloteni akagayidwa m'mimba ndi m'matumbo amasanduka tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Alipo mitundu 20, ndipo 9 mwa iyo thupi silingapange lokha, imayenera kuchokera m'chakudya. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa mumtsempha waukulu wolowa m'chiwindi asanafike kwina kulikonse, choncho chiwindi ndicho chimagawa. Ena chimapangira albumin, puloteni wamkulu wa m'magazi, ndi mapuloteni othandiza magazi kuundana munthu akavulala, ena chimawasiya apite ku minofu, otsalawo chimawaphwanya. Thupi lilibe mosungira ma amino asidi ngati mmene limasungira mafuta. Puloteni aliyense amene ali m'thupi ali pa ntchito yake. Komanso tsiku lililonse munthu wamkulu amagumula ndi kumanganso magalamu 250 mpaka 300 a mapuloteni a m'thupi mwake, ochuluka kwambiri kuposa amene amadya. Kugumula kukangoposa kumanga pang'ono pokha, pakapita miyezi sikelo imaonetsa.

Zonsezi zimayendera mahomoni awiri ochokera m'kapamba, ndipo onse awiri amafika kuchiwindi asanafalikire m'thupi. Insulini imatuluka munthu akadya. Imaletsa minofu kugumula mapuloteni ake, imaletsanso chiwindi kupanga shuga watsopano. Glucagon imakwera munthu akakhala osadya, ndipo imachititsa chiwindi kukoka ma amino asidi m'magazi n'kupangira shuga. Chimene chiwindi chimamvera kwenikweni ndi kulimbana kwa awiriwa: wamphamvu pa nthawiyo ndi uti.

Kupanga shuga kuchokera ku mapuloteni si matenda pakokha, ndi njira imene imatisunga tikagona. Ubongo umagwiritsa ntchito magalamu pafupifupi 120 a shuga pa tsiku, pamene chiwindi chimasunga magalamu 100 okha kapena kuzungulira pamenepo, osungidwa ngati glycogen, ndipo amakhala atatsala pang'ono kutha munthu akakhala tsiku lathunthu osadya. Mafuta sangathandize kwenikweni, chifukwa mbali yaikulu ya mafuta thupi la munthu silingaisandutse shuga, kupatula kachigawo kakang'ono kotchedwa glycerol. Ndiye chiwindi chimadalira lactate (asidi wotsala maselo akagwiritsa ntchito shuga), glycerol ndi ma amino asidi, ndipo pa ma amino asidi onse amene chimakoka, wamkulu ndi alanine.

Ulendo wa alanine ndi wofunika kuumvetsa, chifukwa funso lanu lagona pamenepa. Mnofu ukagumula mapuloteni, umatenga nayitirojeni wa ma amino asidi osiyanasiyana n'kumumatika pa pyruvate, kachidutswa kotsala shuga akaphwanyidwa, ndipo zikatero pabadwa alanine. Alanine amayenda m'magazi mpaka kuchiwindi. Kumeneko enzyme (puloteni wofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'maselo) yotchedwa ALT imamuchotsa nayitirojeni uja, n'kutsala pyruvate. Pyruvate amasinthidwa kukhala oxaloacetate, kenako enzyme ya PEPCK imamukwezera pa njira yopita ku shuga, ndipo pamapeto pake enzyme ya glucose-6-phosphatase imamasula shugayo kuti alowe m'magazi. Pamafunika ma pyruvate awiri kuti papangidwe shuga mmodzi. Philip Felig ndi anzake ndi amene anaonetsa mu 1970 kuti alanine ndiye mzati wa ntchito imeneyi.

Mwa munthu wabwinobwino, akangodya, insulini imazimitsa njirayi. M'maselo a chiwindi muli puloteni wotchedwa FOXO1 amene amayatsa majini opanga PEPCK ndi glucose-6-phosphatase, ndipo insulini ikafika imamuthamangitsa m'kati mwa selo mmene mumakhala majinimo. Insulini ikasowa, kapena ikakhalapo koma chiwindi sichikuimva, FOXO1 amangokhala pomwepo akuyatsabe. Glucagon nayo, imene mwa odwala shuga ambiri imakhala yokwera ngakhale atadya, imawonjezera timakomo tolowetsera ma amino asidi m'maselo a chiwindi. Zotsatira zake, chiwindi chimachita ngati kunja kuli njala pamene m'magazi shuga wadzaza. Zili ngati munthu wozula nsichi za nyumba yake n'kumasonkhezera moto, nkhuni zili mulu pakhomo.

Zimenezi anaziyeza mwachindunji. Mu 1972, John Wahren, Felig ndi anzawo anayeza magazi olowa ndi otuluka m'dera la chiwindi mwa odwala shuga odalira insulini amene anali asanabayidwe insuliniyo kwa tsiku limodzi. Anapeza kuti alanine ndi anzake ankakokedwa mowirikiza kamodzi ndi theka mpaka kawiri poyerekeza ndi anthu abwinobwino. Chochititsa chidwi n'chakuti alanine m'magazi mwawo anali wotsika, osati wokwera. Chiwindi chinkamuyamwa mofulumira kuposa mmene minofu inkamutumizira.

Tiwerengere mtengo wake m'thupi. Magalamu 100 a mapuloteni amapereka shuga wosapitirira magalamu 60. Mnofu, mbali yake yaikulu ndi madzi, mapuloteni ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye magalamu 100 a mapuloteni ndi theka la kilogalamu ya mnofu. Theka la kilogalamu ya ntchafu ya munthu likupita kuti papezeke shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 15. Ndipo shugayo sakuthandiza, chifukwa akapitirira 10 mmol/L m'magazi impso zimayamba kumutayira mumkodzo. N'chifukwa chake munthu amadya, amakodza kwambiri, n'kumawondabe. Insulini isanayambe kugwiritsidwa ntchito ku Toronto mu 1922, ana odwala shuga wa mtundu woyamba ankatha thupi chonchi mpaka kumwalira.

Nanga nayitirojeni amene ALT yachotsa amapita kuti? Pafupifupi magalamu 16 pa magalamu 100 alionse a mapuloteni ndi nayitirojeni, ndipo akamasuka amasanduka amoniya, yemwe ndi poizoni ku ubongo. Chiwindi chimamusandutsa urea kudzera mu njira yozungulira imene Hans Krebs ndi Kurt Henseleit anaifotokoza mu 1932. Urea mmodzi amanyamula ma nayitirojeni awiri, wina wochokera ku amoniya, wina ku amino asidi wotchedwa aspartate amene amapangidwa ndi enzyme ya AST. Glucagon ikakwera, ma enzyme a njirayi amachuluka, choncho munthu amene shuga wake sakulamulirika amapanga urea wambiri ndipo amataya nayitirojeni wochuluka kuposa amene wadya. Pa zotsatira za kuchipatala zimenezi zimasokoneza anthu. Urea wa m'magazi nthawi zambiri amakhala pakati pa 2.5 ndi 7.8 mmol/L. Akakwera pamene creatinine (chinyalala chochokera m'minofu chimene impso zimasefa) ali bwinobwino, kawirikawiri si impso zawonongeka, koma madzi achepa m'thupi ndipo mapuloteni akugumuka. Impso timaziona ndi creatinine, eGFR (nambala yosonyeza mphamvu ya impso posefa magazi) ndi albumin wa mumkodzo, osati ndi urea yekha.

Pano pali mfundo imene sindikufuna muiphonye. Kutha minofu koonekera kumachitika makamaka insulini ikasowa kwambiri, monga mu shuga wa mtundu woyamba. Mu mtundu wachiwiri, insulini yochepa imene yatsala nthawi zambiri imakwanira kuteteza minofu ngakhale ikulephera kuletsa chiwindi kupanga shuga. Choncho munthu wa zaka 58 akamawonda osafuna, pali ziwiri. Mwina kapamba watopa moti insulini yatsika kwambiri ndipo mapiritsi okha sakukwaniranso, kapena pali matenda ena pambali. Chifuwa chachikulu cha TB chimagwira odwala shuga kawiri kapena katatu kuposa anthu ena. Palinso HIV, khansa, chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso, ndi kutupa kwa kapamba kwa nthawi yaitali. Mankhwala monga prednisolone nawo amagumula minofu n'kulimbikitsa chiwindi kupanga shuga. Bambo afunika kupimidwa zonsezi, musangoti ndi shuga yemweyo.

Pali ma amino asidi atatu amene amayenda njira yawoyawo: leucine, isoleucine ndi valine, amene m'zipatala ndi m'mabotolo a onyamula zitsulo amalembedwa kuti BCAA. Chiwindi chili ndi enzyme yochepa kwambiri yoyambira kuwaphwanya, ndiye chimawalola adutse. Mnofu ndi umene umayamba kuwachotsa nayitirojeni, ndipo zotsala zake zimamalizidwa ndi enzyme ina yotchedwa BCKDH, yomwe ili m'minofu, m'mafuta ndi m'chiwindi. Insulini ndi imene imawalowetsa m'minofu. Ikasowa kapena ikapanda kumveka, amaunjikana m'magazi. Felig anaona zimenezi mwa anthu onenepa kwambiri kale mu 1969. Mu 2011, ofufuza a kafukufuku wa Framingham ku United States anapeza kuti kukwera kwa atatuwa, pamodzi ndi tyrosine ndi phenylalanine, kunkaonekera zaka mpaka 12 munthu asanapezeke ndi shuga wa mtundu wachiwiri. Amino asidi wina, glycine, amachita mosiyana, amatsika. Ndiye chithunzi cha m'magazi chimakhala chopendekeka: BCAA pamwamba, ena pansi. Kuyeza ma amino asidi m'magazi kumathandiza pa kafukufuku, koma sikusintha chithandizo cha bambo anu, ndipo sindingakulangizeni kukufunafuna. Ufa wa BCAA wogula nawo ndi wosafunika. Ali nawo kale ambiri m'magazi, chikusowa ndi insulini yowalowetsa m'mnofu.

Leucine ndi lysine sasanduka shuga n'komwe, zotsala zawo zimapita ku ma ketone, asidi amene chiwindi chimapanga, omwe akachuluka m'magazi amakhala oopsa. Komabe ma ketone ambiri amene amabweretsa ngozi mwa wodwala shuga amachokera ku mafuta.

Mu shuga wa mtundu wachiwiri pamakhala vuto lina lowonjezera, makamaka mwa anthu onenepa: mafuta odzaza m'chiwindi. Chiwindi ndi maselo a m'kapamba opanga glucagon amayankhana. Ma amino asidi akakwera m'magazi, glucagon imatuluka. Glucagon ikafika kuchiwindi, chiwindi chimawaphwanya n'kupanga urea, iwo amatsika, glucagon nayo n'kutsika. Chiwindi chikadzaza mafuta chimagontha mbali imodzi yokha. Sichimveranso bwino lamulo lophwanya ma amino asidi, koma lamulo lotulutsa shuga chimamverabe. Ma amino asidi amatsala okwera, kapamba amawonjezera glucagon, glucagon yowonjezerayo imatulutsa shuga winanso. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene shuga wa m'mawa amavutira kutsika mwa anthu a chiwindi chamafuta. Mwa iwo, kuchepetsa thupi ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa makilogalamu 100 alionse kumachotsa mafuta ambiri m'chiwindi. Malangizo amenewa si a bambo anu, amene akuwonda kale.

ALT ndi AST amene ndawatchula ndi omwewo amene mumawaona pa pepala la zotsatira za chiwindi. Amakhala m'kati mwa maselo, ndipo amatayikira m'magazi maselowo akavulala. Malo ambiri opimira amaika malire pafupi ndi 40 U/L. Kukwera pang'ono kwa ALT mwa wodwala shuga kawirikawiri kumaloza ku mafuta a m'chiwindi, koma pafunika kuyezanso hepatitis B ndi C ndi kufunsa za mowa. ALT wabwinobwino satsimikizira kuti chiwindi chili bwino. Albumin, amene chiwindi chimapanga magalamu 10 mpaka 15 pa tsiku, amadaliranso insulini, ndipo kapangidwe kake kamatsika insulini ikasowa. Koma amakhalitsa m'magazi, theka lake limatha pa masiku pafupifupi 20, ndiye sasintha msanga. Akatsika pansi pa 35 g/L, dokotala ayenera kufufuza ngati akutayikira mumkodzo, ngati pali matenda otupitsa m'thupi, kapena ngati chiwindi chauma chifukwa cha zipsera (cirrhosis).

Tsopano za shuga wa m'mawa. Chakum'bandakucha, mahomoni a cortisol ndi growth hormone amakwera ndipo amachepetsa mphamvu ya insulini, chiwindi n'kutulutsa shuga wambiri. Kugona ndi njala sikuletsa zimenezi, kumangokweza glucagon. Kuti mudziwe chimene chikuchitika, yezani bambo pogona, cha m'ma 3 koloko usiku, ndiponso akangodzuka, kwa masiku atatu otsatizana, ndipo muzilemba pamodzi ndi zimene anadya ndi nthawi imene anamwa mankhwala. Ngati shuga akukwera pang'onopang'ono kuchoka pogona mpaka m'mawa, chiwindi chikusowa chochiletsa usiku. Ngati pa 3 koloko watsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, ndiye kuti mankhwala a madzulo achuluka, ndipo kuwawonjezera pofuna kutsitsa shuga wa m'mawa kungakhale koopsa. Kwa akuluakulu ambiri cholinga ndi 4.4 mpaka 7.2 mmol/L podzuka.

Mankhwala amene alipo amagwira pa mfundo zomwezi. Metformin ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa shuga amene chiwindi chimapanga. Amayamba ndi 500 mg pa chakudya, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 2000 mg pa tsiku. Saperekedwa eGFR ikatsika pansi pa 30 kapena chiwindi chikawonongeka kwambiri, chifukwa lactate amene chiwindi chikanasandutsa shuga angaunjikane. Koma metformin samanga minofu, ndipo kwa ena amachepetsa chilakolako cha chakudya. Munthu amene akuwonda, akukodza kwambiri, ndipo HbA1c yake (muyeso wosonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) yapitirira 10 peresenti, nthawi zambiri amafunika insulini, ngakhale kwa kanthawi. Insulini ndi yokhayo imene imatseka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi: mnofu umasiya kutumiza alanine wochuluka, chiwindi chimasiya kumusandutsa shuga. Mabanja ambiri amaopa jakisoni poganiza kuti ndi chizindikiro choti matenda afika pamapeto. Kwa munthu amene akutha thupi, jakisoniyo ndi amene amabweza mphamvu za m'miyendo. Mankhwala a gulu la empagliflozin ndi dapagliflozin amathandiza mtima ndi impso, koma amataya shuga mumkodzo, amakweza glucagon, ndipo angabweretse ma ketone shuga asanakwere kwambiri, choncho kwa munthu wowonda wosowa insulini pamafunika kusamala.

Pa zakudya, munthu wamkulu amafunika magalamu osachepera 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndipo okalamba kapena amene akutha minofu amafunika 1.0 mpaka 1.2. Ngati bambo amalemera makilogalamu 60, ndiye kuti magalamu 60 mpaka 72, ogawidwa katatu pa tsiku, pafupifupi 20 mpaka 25 pa chakudya chilichonse. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15, ndipo magalamu 100 a nyama kapena nsomba yophika ali ndi 20 mpaka 30. Mapuloteni a mlingo umenewu sakweza shuga kwenikweni mwa munthu wa mtundu wachiwiri, chifukwa ma amino asidi amatulutsanso insulini. Mwa a mtundu woyamba, chakudya cha mapuloteni ochuluka kwambiri chingakweze shuga mochedwa, patapita maola atatu mpaka asanu, ndipo zimenezi zimakonzedwa posintha insulini, osati posiya chakudyacho. Mlingo umasintha pa zinthu ziwiri. Impso zikafooka, amakhala pa 0.8 osatsika kwambiri kuposa pamenepo, ndipo amene ali pa dialysis (kusefa magazi m'malo mwa impso) amafunika 1.0 mpaka 1.2. Chiwindi chikauma, zofunika zimakwera kufika 1.2 mpaka 1.5, pamodzi ndi kachakudya kochepa pogona, chifukwa chiwindi chouma chimasunga glycogen wochepa ndipo chimayamba kudya minofu usiku umodzi wokha.

Mapuloteni odyedwa samangika okha. Mnofu umawalandira ukamagwiritsidwa ntchito. Kudzuka pampando ndi kukhalanso ka 10 mpaka 15, maulendo awiri kapena atatu, kukwera masitepe, kunyamula chinthu cholemerako, masiku awiri kapena atatu pa sabata, kumathandiza mnofu kukoka shuga ndi ma amino asidi omwe. Asachite zimenezi pa tsiku limene ali ndi ma ketone kapena akudwala.

Njira yomweyi ya chiwindi ingalephere mbali inayo, ndipo pamenepo ngozi imabwera mwachangu. Mowa ukamaphwanyidwa m'chiwindi umatsekereza pyruvate, chiwindi n'kulephera kupanga shuga kuchokera ku alanine ndi lactate. Munthu womwa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena wobaya insulini akamwa mowa osadya, shuga angagwe usiku, ngakhale patapita maola ambiri, anthu n'kumaganiza kuti wangoledzera. Shuga akatsika pansi pa 3.9, mankhwala ake ndi magalamu 15 a shuga wolowa msanga, monga masipuni a tiyi anayi a shuga osungunula m'madzi, n'kuyezanso pakatha mphindi 15. Dzira kapena nyama sizithandiza pamenepo, njira ya alanine imachedwa kwambiri.

Akadwala malungo kapena matenda ena otenthetsa thupi, cortisol ndi glucagon zimakwera ndipo kugumuka kwa minofu kumathamanga. Ngati ali pa insulini asaisiye chifukwa choti sakudya, chiwindi chikhala chikupanga shuga ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Azimwa madzi, aziyeza shuga maola atatu kapena anayi alionse, ndi ma ketone ngati zoyezera zilipo. Kusanza kosaleka, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, kuwodzera kosadzidziwa, kapena ma ketone a m'magazi ofika 3.0 mmol/L, ndi zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo.

Popanda zizindikiro zoopsazo, bambo aonane ndi dokotala sabata yomwe ino. Mutenge zolemba za shuga za masiku atatu aja, kulemera kwawo kwa lero ndi kwa miyezi ingapo yapitayo, ndi mankhwala onse amene amamwa, azitsamba omwe. Mupemphe kuti ayezedwe HbA1c, creatinine ndi eGFR, albumin wa mumkodzo, ALT ndi AST, ma ketone, chithokomiro, HIV ndi TB, ndipo mufunse mosabisa ngati nthawi yoyamba insulini yakwana.